Mphika Pamoto, Funk Pawailesi

 Madzulo ano ndi nthawi ija ambiri mwangotsika minibasi, ena mwangotsamiritsa njinga kukhoma, ana ayamba kale kuzungulirazungulira kukhitchini, koma m'thupi mulibe mphamvu zoti n'kutereka nyemba za maola atatu. Nthawi ngati ino ndi imene ambiri timagonja. Timagula chipisi panjira, kapena timawiritsa tiyi, kumwera buledi, n'kukagona. Lero ndikupempha kuti tisagonje. Tiphikire limodzi chakudya chenicheni, nsima, usipa wokazinga ndi mpiru wotendera, ndipo zonsezi zipsa m'mphindi 40 pa mbaula imodzi. Wotchi yathu ikhala nyimbo. Ndakutengerani funk, chamba cha maimbidwe chimene anthu akuda a ku America anachiyambitsa chapakati pa zaka za m'ma 1960, n'kuvinitsa nacho dziko lonse mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Sindinasankhe funk chifukwa chongoti imavinika ayi. Funk ndi nyimbo ya zinthu zochepa, chilichonse cholowa pa nthawi yake, ndipo kuphika kwachangu nakonso kumatero. Amene wamvetsa chimodzi savutika kumvetsa chinacho.

Kolezani moto tsopano. Makala asachuluke, chifukwa mbaula yodzaza mpaka pakamwa imachedwa kuyaka, mpweya umasowa podutsa. Ikhale panja kapena pakhonde pamene mphepo ikupita. Musailowetse m'nyumba motseka mazenera ngakhale kuzizire chotani, pakuti mpweya wa makala, uja suoneka komanso sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Amene muli ndi gasi kapena chitofu cha magetsi mwapindula kale mphindi 10. Moto ukangogwira, terekani madzi pang'ono kuti afunde, amenewo ndi onyikira usipa. Podikira, tengani mpeni. Anyezi awiri, tomato anayi, mpiru mipukutu iwiri, kambuzi mmodzi ngati m'nyumbamo mumadya tsabola. Zonse zidulidwe tsopano, chilichonse m'mbale yakeyake, nsinjiro ndi mchere zikhale pafupi. Chimene chimachedwetsa kuphika kawirikawiri si moto, koma kuyamba kufunafuna mpeni mafuta ali kale pamoto.

Manja ali pa ntchito, makutu akhale kuno.

James Brown anabadwa mu 1933 ku South Carolina, n'kukulira mumzinda wa Augusta ku Georgia, mu umphawi wadzaoneni. Ali mwana ankapukuta nsapato za anthu mumsewu ndi kuvinira asilikali kuti amuponyere makobidi. Ali ndi zaka 16 anamangidwa chifukwa chakuba, ndipo ali kundende ya ana ku Toccoa ndi pamene anadziwana ndi Bobby Byrd, mnzake amene anadzayamba naye kuimba atatuluka. Kwa zaka pafupifupi 10 ankaimba rhythm and blues ndi soul, mwaluso kuposa ambiri, komabe m'njira yomwe anzake ankayendamo. Mu 1965, ndi nyimbo ya Papa's Got a Brand New Bag, anayamba kupatuka. Mu 1967 analowa m'situdiyo ya King Records ku Cincinnati n'kujambula Cold Sweat, imene ambiri amaitenga kuti ndiyo nyimbo yoyamba ya funk yeniyeni.

Anasintha chiyani? Nyimbo zambiri zovina zimawerengedwa 1, 2, 3, 4, n'kubwereranso pa 1. Oimba a nthawi imeneyo ankatsindika pa 2 ndi pa 4, pamene anthu amaombera m'manja. Brown analamula bandi yake kuti mphamvu yonse izigwera pa 1, ndipo lamulo limeneli ankalitchula kuti The One. Pakatipo woimba aliyense angathe kusewera, kuchedwerako dala, kudumpha, koma 1 ikafika, besi, ng'oma, malipenga ndi mawu, onse akumane pamodzi. Chachiwiri, anachepetsa makodi. M'malo moti nyimbo izisinthasintha, ankaigwira pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, ndipo chida chilichonse, ngakhale gitala ndi lipenga, anachipatsa ntchito ya ng'oma. Timve Cold Sweat yonse yathunthu. Ndi ya mphindi zoposa 7, zokwanira kuti mumalize kudula.

NYIMBO: Cold Sweat, James Brown

Mwamva gitala wa Jimmy Nolen? Sakuimba chinthu choti mungachitsatire ndi mluzu. Akungokanda zingwe mwachidule, dzanja lamanzere likuzigwira kuti zisalire nthawi yaitali. Besi ya Bernard Odum ikubwereza kamzere kamodzi komweko. Malipenga, amene anawakonza ndi Pee Wee Ellis, amalowa pang'ono, n'kukhala chete, n'kudzalowanso. Pa ng'oma pali Clyde Stubblefield, ndipo dzina limeneli mulisunge, tibwererako. Mutati mutenge chida chimodzi n'kuchimvera pachokha, munganene kuti palibe chanzeru chikuchitika. Koma mukaziphatikiza, mutu umayamba kugwedezeka wokha. Chimene chimandigwira mtima ine ndi mipata. Palibe amene akudzaza malo a mnzake. Aliyense akudziwa poti alowe, ndipo koposa apo akudziwa poti akhale chete. Amene munaimapo pafupi ndi oimba ng'oma za gule, mpanje ukugunda zake, mbalule ikuyankhula pamwamba, kalukidwe kameneka si kachilendo kwa inu. Kanaoloka nyanja ndi anthu amene anagwidwa ukapolo ku Africa, ndipo sikanafe.

Madzi aja afunda. Chotsani usipa mitu ngati mumatero kwanu, muunyike kwa mphindi zochepa, muutsuke kawiri kuti mchenga utsalire pansi pa mbale, kenako muukhetse bwinobwino. Usipa wonyowa ukalowa m'mafuta umangothetheka n'kufewa, sukazingika. Terekani poto, mafuta masipuni atatu. Ponyanimo kachidutswa ka anyezi, kakalira ndiye kuti mafuta atentha. Thirani usipa, muuyale pansi ponse, ndipo apa ndikupempheni chinthu chimodzi: musautakase msanga. Ambiri ndi pamene amaonongera ndiwo pamenepa. Mthiko sutuluka m'poto, ndipo pomaliza amapakula zinyenyeswazi. Usiyeni ugwire mtundu mbali imodzi, ndiye muutembenuze. Ukafiirira ndipo fungo la uwisi lija latha, ukankhireni kumbali, anyezi alowe, afewe. Tomato ndi wotsiriza. Akalowa msanga, madzi ake amathetsa kukazinga, ndipo mumapezeka mukudya usipa wowiritsa pamene mafuta munathira. Lawani musanathire mchere, chifukwa usipa wofutsa nthawi zambiri umabwera ndi mchere wake. Kambuzi alowe, madzi theka la kapu, vindikirani, mphindi 5 basi.

Anthu a nyimbo zimenezi ankadziwa okha kuti ntchito yawo ikufanana ndi ya m'khitchini. Mu 1967, katswiri wa sakisofoni King Curtis anatulutsa Memphis Soul Stew, m'mene amayankhula ngati munthu wophunzitsa kuphika. Amaitana besi poyamba, kenako ng'oma, kenako gitala, limba, malipenga, chimodzichimodzi, mpaka mphika utawira. Muifunefune, makamaka imene anaimba pamaso pa anthu ku Fillmore West mumzinda wa San Francisco mu 1971, Bernard Purdie ali pa ng'oma. Patangopita miyezi yochepa chaka chomwecho, King Curtis anabayidwa ndi mpeni pakhomo pa nyumba yake ku New York, n'kumwalira ali ndi zaka 37 zokha.

Ndinenepo za usipa, chifukwa pali ena amauchitira manyazi, amauona ngati ndiwo za tsiku loti ndalama zatha. Nsomba imeneyi ya m'nyanja ya Malawi timaidya ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano a ana. Imamanga thupi monga nyama, siifuna furiji, ndipo imapsa m'mphindi 15. Pa magulu 6 a zakudya amene alangizi azaumoyo amatiphunzitsa, chakudya chathu cha lero chikhala ndi 5: nsima, usipa, masamba, mtedza ndi mafuta. Mukaonjezapo nthochi kapena papaya pomaliza, mwakwanitsa onse. Chipisi cha panjira chija sichifikapo.

Phulani usipa, muuike pambali chivindikirire. Poto wina pamoto, madzi ongophimba pansi, kamchere. Akawira thirani mpiru ndi tomato wotsala uja, vindikirani. Soda musathire. Mpiru suuma, umafewa wokha, ndipo soda amaononga mavitamini amene mwagulira masambawo. Tikufuna mphindi 3 zokha, ndipo ndili ndi nyimbo ya muyeso womwewo. Tichoke kwa James Brown, tipite kumwera, ku New Orleans, kwa anyamata anayi otchedwa The Meters: Art Neville pa limba, Leo Nocentelli pa gitala, George Porter Jr. pa besi ndi Zigaboo Modeliste pa ng'oma. Nyimbo yake ndi Cissy Strut, ya mu 1969.

NYIMBO: Cissy Strut, The Meters

Funk ya The Meters ndi yofatsa, siithamanga, ndipo m'nyimbo imeneyi mulibe malipenga. Anthu anayi okha, koma palibe chikusowa. Modeliste amamenya ng'oma mochita ngati akutsalira, iwe n'kumati waphonya, koma 1 ikafika umamupeza ali pomwepo. Mzinda wawowo uli ndi mbiri yake. Ku New Orleans kuli bwalo lotchedwa Congo Square, kumene akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamulungu n'kumaimba ng'oma ndi kuvina, pamene m'madera ambiri a America ng'oma zinali zoletsedwa kwa iwo. N'chifukwa chake kagundidwe ka mzinda umenewu kali ndi kukoma kwakekwake mpaka lero.

Vundukulani poto. Mpiru wafota koma ukadali wobiriwira. Wazani nsinjiro pamwamba, masipuni anayi kapena asanu, musatakase, vindikiraninso. Nthunzi iinyowetse kaye. Pakapita mphindi ziwiri takasani, muchepetse moto pochotsako makala angapo, ndipo muisiye ibwate pang'onopang'ono kwa mphindi 5 kuti nsinjiro ipse. Nsinjiro yosapsa imamveka uwisi pakamwa ndipo ena imawapweteka m'mimba. Madzi akachepa onjezani pang'ono, isapserere. Mawu amodzi pa nkhani ya mtedza: posinja nokha, sankhani n'kutaya wonse wofota, wakuda ndi wa chuku. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo moto sumuthetsa. Mukamagula nsinjiro yosinjasinja kale, gulani kwa munthu amene mumamudalira.

Kodi oimba amenewa ankadya chiyani kwawo? Funso limeneli limandisangalatsa, chifukwa yankho lake silili kutali ndi mbale zathu. Chakudya cha anthu akuda a kumwera kwa America, chimene amachitcha soul food, chili ndi khobwe, therere, masamba a mtundu wa kabichi ophikidwa ndi kanyama pang'ono, mbatata, ndi phala la chimanga chogaya mwamisere lotchedwa grits. Khobwe ndi therere zinapita kumeneko kuchokera ku Africa m'nthawi ya ukapolo. Ku New Orleans therere limalowa mu msuzi wawo wotchuka wa gumbo. Si zodabwitsa tsono kuti mayina a nyimbo zawo ngodzaza ndi zakudya. Bandi ya James Brown, The J.B.'s, motsogozedwa ndi Fred Wesley wa lipenga la trombone, inatulutsa Pass the Peas pa chimbale chotchedwa Food for Thought mu 1972. Chaka chomwecho The Meters anatulutsa chimbale cha Cabbage Alley. Ambiri a iwo anali ana a anthu osauka, oleredwa ndi amayi ndi agogo odziwa kudyetsa banja lonse ndi zochepa.

Ku New Orleans komweko kuli mwambo wina umene tingautengere. Lolemba ndi tsiku la nyemba zofiira ndi mpunga, chifukwa kale Lolemba linali tsiku lochapa, ndipo nyemba zinkatha kumabwata zokha mayi ali pa zochapa. Ifenso nyemba tisamazitereke madzulo a tsiku la ntchito. Zinyikeni usiku wonse kuti zidzapse msanga, muziphike tsiku limene muli pakhomo mukuchita zina, ndipo mukhala mwapulumutsa makala ndi nthawi.

Wina akuti, zonsezi ndamva, koma m'nyumba muno usipa mulibe. Mverani nkhani ya Larry Graham. Ali mnyamata ku California ankaimba m'malo achisangalalo ndi mayi ake, iwo pa piyano, iye pa besi. Woimba ng'oma analibe. Ndiye Graham anayamba kumenya chingwe chachikulu cha besi ndi chala chachikulu kuti chimveke ngati ng'oma yopondedwa ndi phazi ija, n'kumakoka zingwe zazing'ono ndi chala cha mkombaphala kuti zilire ngati ng'oma yaying'ono. Ankangotseka mpata umene unalipo. Atalowa gulu la Sly and the Family Stone, kaimbidwe kameneka kanamveka dziko lonse pa nyimbo ya Thank You, imene inatuluka kumapeto kwa 1969, ndipo lero palibe woimba besi, ngakhale wa kwaya ya kutchalitchi kwanu, amene sanayeseko kumenya chingwe motero. Gulu la Sly linalinso lachilendo pa nthawi yake. Munali akuda ndi azungu, amuna ndi akazi, ndipo Cynthia Robinson, mzimayi, ndi amene ankaliza lipenga, m'dziko limene tsankho linali likadali lamoyo.

Tsono ngati usipa mulibe, gwiritsani ntchito chimene chilipo, njira yake ndi yomweyo. Mazira: kazingani anyezi, kenako tomato mpaka aphwanyike, ndiye muswere mazira pamwamba, muvindikire mphindi zochepa. Soya pisi: munyikeni m'madzi otentha, mumufinye kwambiri, mumukazinge mpaka afiirire musanathire tomato. Amene amati soya pisi sakoma, ambiri mwa iwo amadumpha kufinya ndi kukazinga. Bonya, matemba, utaka, zonse zimayenda m'njira yomweyi. Mpiru ukasowa pali lepu, chainizi, bonongwe, nkhwani.

Ndiwo zonse ziwiri zapsa. Sansani phulusa, onjezani makala pang'ono, moto ukhale wamphamvu, chifukwa nsima ya pa moto wofooka siipsa bwino. Ndinaisiyira dala kumapeto kuti ifike patebulo ili yotentha. Terekani madzi. Akafunda, asanawire, thirani ufa pang'ono mukutakasa mpaka phala likhale losalala, lopanda mibulu. Musachoke, takasani mpaka liyambe kubwata, ndiye vindikirani. Apa ndi pamene changu chimapusitsa anthu. Mutha kufulumira pa zonse, koma phala lipatseni mphindi zake, 7 kapena 10. Nsima ya phala losapsa imamveka ufa, ndipo palibe ndiwo ingaibise.

Phala likubwata, ndikuuzeni za chaka cha 1970. Mu Malichi chaka chimenecho, oimba ambiri a James Brown anamuukira pa nkhani ya malipiro. M'malo mokambirana nawo, Brown anatumiza ndege ku Cincinnati kukatenga kagulu ka anyamata kotchedwa The Pacemakers, ndipo usiku womwewo anakwera nawo pa nsanja. Mwa iwo munali woimba besi wa zaka 18, Bootsy Collins, ndi mkulu wake Catfish pa gitala. Patapita milungu yochepa anajambula Sex Machine, ndipo besi, imene kale inkabisala kumbuyo, inabwera kutsogolo. Kumapeto kwa chaka chomwecho bandi imeneyi inabwera ku Africa. Ku Lagos anakaonera Fela Kuti ndi woimba ng'oma wake Tony Allen, ndipo Bootsy wakhala akunena poyera kuti zimene anamva kumeneko zinamuzunguza mutu. Anafikanso ku Zambia, n'kuimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo Brown anakumana ndi pulezidenti Kenneth Kaunda. Achikulire a ku Zambia amene mukundimva, ena mwa inu munaliko. M'zaka zotsatira, achinyamata a kumeneko anasakaniza funk, rock ndi maimbidwe akwawo n'kupanga chamba chimene lero chimatchedwa Zamrock: WITCH, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, Ngozi Family ya Paul Ngozi, Amanaz. Zimbale zawo lero zikusakidwa ndi kusindikizidwanso ku America ndi ku Ulaya. Mu 1974 Brown anabweranso, ulendo uno ku Kinshasa, pa chikondwerero cha nyimbo chimene chinakonzedwa mogwirizana ndi nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman.

Bootsy sanakhalitse kwa Brown, sanakwanitse n'chaka chomwe. Anakalowa kwa George Clinton, munthu amene anayambira kuimba m'nyumba yometera tsitsi ku Plainfield, New Jersey, n'kudzatsogolera magulu awiri, Parliament ndi Funkadelic. Kumeneko funk inavala zovala zonyezimira, inatsitsa chombo cha m'mlengalenga pa nsanja, inatulutsa Mothership Connection mu 1975 ndi One Nation Under a Groove mu 1978. Koma pansi pa phokoso lonselo, lamulo limene Bootsy anatenga kwa Brown linalipobe: aliyense abwerere pa 1. Nthawi sindilola kuti ndikambe za Stevie Wonder ndi Superstition ya mu 1972, za Kool and the Gang, za Ohio Players, za Chaka Khan ndi Rufus, kapena za Maurice White wa Earth, Wind and Fire amene ankaliza kalimba pa zimbale zogulidwa ndi anthu mamiliyoni. Amenewa tidzawapatsa tsiku lawo.

Phala lapsa, tivundule. Nyimbo yovundulira ndi iyi, Funky Drummer, yojambulidwa ku Cincinnati mu Novembala 1969. Gwirani poto ndi kansalu, thirani ufa pang'onopang'ono, dzanja limodzi likuthira, linalo likuvundula. Mthiko uzipita pansi, uzikanikiza nsima kukhoma la poto, uzitembenuza. Musathire ufa wambiri nthawi imodzi. Ikayamba kulimba n'kumasiyana ndi poto, pitirizani pang'ono mpaka isalale, muivindikire kamphindi, kenako nyowetsani chipande muomole. Mukatero, mvetserani chakumapeto kwa nyimboyi, pamene zida zonse zimakhala chete n'kutsala ng'oma zokha.

NYIMBO: Funky Drummer, James Brown

Ameneyo ndi Clyde Stubblefield uja. Kachigawo ka ng'oma zokhako n'kotalika masekondi pafupifupi 20. Sakudzionetsera, sakuthamangitsa timitengo pa ng'oma zonse. Akungosunga kagundidwe komweko, koma tamverani timikwapulo tofewa timene akuponya pakati, tosamveka bwino pokhapokha mutatchera khutu. Timeneto ndi timene timapangitsa kuti chiuno chisakhazikike. M'zaka za m'ma 1980, anyamata a hip hop anapeza kachigawo kameneka, n'kuyamba kukadula ndi kukabwereza pansi pa nyimbo zawo. Public Enemy anakagwiritsa ntchito pa Fight the Power mu 1989, LL Cool J nayenso, ndipo lero kali m'nyimbo zoposa 1,000. Inu achinyamata amene mumati funk ndi nyimbo za agogo, mwakhala mukuvina ng'oma za Stubblefield osadziwa.

Koma mwini wakeyo sanalembedwe ngati mmodzi mwa opeka nyimboyo, choncho ndalama za kubwerezedwa konseko sizinkafika kwa iye. Anakhala moyo wamba mumzinda wa Madison ku Wisconsin, akuimba m'malo ang'onoang'ono. Atadwala khansa, ngongole za kuchipatala zinamukulira, ndipo woimba mnzake Prince ndi amene anamulipirira mwakachetechete, nkhani imene inadzaululika Prince atamwalira mu 2016. Stubblefield anamwalira mu 2017. Ndimamulemekeza James Brown. Ndi munthu amene pa 5 Epulo 1968, tsiku lotsatira kuphedwa kwa Martin Luther King, anaimba ku Boston pa wailesi yakanema n'kuthandiza kuti mzindawo usayake monga inayakira mizinda ina. Ndi amene chaka chomwecho anapatsa ana akuda nyimbo yoti azinyadira khungu lawo. Koma sindibisa kuti anali bwana wouma mtima. Ankadula malipiro a woimba chifukwa chophonya kamodzi kapena chifukwa cha nsapato zosapukuta, ndipo anamangidwapo kangapo pa milandu yochitira nkhanza akazi ake. Dzina la pa chimbale linali lake, koma funk inamangidwa ndi manja a anthu ambiri: Stubblefield, Jabo Starks, Jimmy Nolen, Maceo Parker, Fred Wesley, Pee Wee Ellis, Lyn Collins. Ine pa pulogalamu ino ndiziwatchula mayina.

Nkhani ya Stubblefield imandifikitsa kunyumba kwanu. M'makomo ambiri muli munthu mmodzi amene madzulo alionse amachita zimene tachita lerozi. Nayenso wachokera kuntchito, kumsika kapena kumunda, nayenso watopa, koma amakoleza moto, amadula, amakazinga, amavundula, ndipo ena onse amangoitanidwa kuti madzi osamba m'manja afika. Kawirikawiri ndi mayi, kapena mtsikana wamkulu amene mawa ali ndi mayeso kusukulu. Chifukwa choti chakudya chimabwera tsiku lililonse, timaiwala kuti pali amene akuchibweretsa. Timakumbukira pokhapokha mchere ukachuluka. Zimenezi si zabwino, ndipo tisazizolowere.

Abambo, mwamva nokha kuti chakudya chonsechi chatenga mphindi 40 ndi nyimbo zitatu. Palibe chovuta chimene chachitika pano choti manja anu sangachithe. Inu anyamata okhala nokha m'tauni, inu ophunzira a m'makoleji, inu abale athu a ku Johannesburg, ku Harare ndi ku London amene mumasunga kathumba ka usipa kochokera kumudzi, njira ndi yomweyi. Mawa madzulo uzani amene amaphika masiku onse kuti akhale pansi apume, inu mukoleze moto, muike Cold Sweat, muyambe ndi kudula anyezi. Kwa lero, sambani m'manja mudye nsima isanazizire, ndipo wophikayo mumuthokoze pomutchula dzina. Ndikusiyani ndi Fred Wesley ndi The J.B.'s. Mudye bwino, tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.

NYIMBO: Pass the Peas, The J.B.'s